Kusankha Lamba wa Makina Ochekera Matabwa

Munthu woyenda m'mawa m'misewu ya ku Kawale, ku Biwi, ku Mchesi kapena ku Area 23 amamva kulira kwa makina ochekera matabwa, malinga magetsi akhalepo. Zitseko, mafelemu, mipando, mabedi ndi mabokosi a maliro zimene timaziona zitayalidwa m'mbali mwa msewu zimachokera m'timashedi ta malata mmene muli makina amenewa. Anthu ambiri akawaona amachita chidwi ndi sowo yake yozungulira ya mano akuthwa, ena amatama mota yake. Ndi owerengeka amene amasuzumira kunsi kwa tebulo kuti aone lamba wakuda amene amatenga mphamvu ku mota n'kuipereka ku sowo. Komatu lambayu akaduka, mota imangolira pachabe, sowo ili chiimire, ndipo banja la mmisiri limagona ndi njala.

Ine ndinaphunzira za uphunzitsi ku Lilongwe Teachers College ndipo ndinagwira choko kwa zaka zoposa 30. Ndinalipo m'chaka cha 1994 pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ana nakhamukira kusukulu mpaka chiwerengero chawo kukwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ndinaphunzitsa ana atakhala pansi, akulembera pamaondo, ndipo zimenezi zinkandiwawa mumtima. N'chifukwa chake nditapuma pantchito ndinatapa pa ndalama zanga zopumira n'kugulira mphwanga, mwana wa mlongo wanga, makina akale ochekera matabwa kuti azikhoma madesiki ku Kawale. Iye ndiye mmisiri. Ine ndimasunga buku la ndalama ndi kuyang'anira zogula.

Mu Disembala 2023, patangopita mwezi umodzi mphamvu ya kwacha itachepetsedwa ndi 44 peresenti, sukulu ina ya ku Chinsapo inatipatsa ntchito yokhoma madesiki 40 oti afike teremu isanayambe. Ndalama zimene anaperekeratu tinagulira matabwa a paini ochokera ku Chikangawa, misomali ndi guluu. Kutatsala masiku 9, lamba anaduka. Tikanalephera kupereka madesikiwo pa nthawi yake, tikanayenera kubweza ndalama zimene zinali zitasanduka kale matabwa, ndiponso dzina la mnyamatayo likanaipa m'dera lonselo.

"Malume," anatero mphwanga, "zilembo za palambayu zinafufutika kale. Ndingothamangira kwa ogulitsa zitsulo za galimoto ndikatenge aliyense wooneka ngati ameneyu."

"Tadikira kaye, mphwanga," ndinamuyankha. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nsapato sitigula pongoiyang'ana, timayamba tayesa phazi."

Zimene ndinamufotokozera tsikulo ndinaziphunzira kwa mkulu wina amene anayendetsa chigayo ku Area 25 kwa zaka zambiri. Lamba wa makina otere akamudula pakati amaoneka ngati chilembo cha V: pamwamba ndi wotambalala, pansi ndi wopyapyala. Anayamba kupangidwa m'chaka cha 1917 ndi John Gates wa mumzinda wa Denver ku America. Lambayu amayenda m'ngalande za timagudumu tiwiri totchedwa mapule, kena ka pamota, kena ka pasowo. Chofunika kudziwa n'chakuti amagwira ndi nthiti zake. Mimba yake siyenera kukhudza pansi pa ngalande. Akakhala wochepa amamira, natereramo, natentha mpaka kununkha. Akakhala wonenepa amayenda pamwamba ndipo sachedwa kudumphira panja.

Tsono opanga malamba anaika zizindikiro zoti wogula asasokere. Chilembo chimanena kutambalala kwa lamba: wa A ndi mamilimita 13 pamwamba, wa B ndi mamilimita 17. Nambala yotsatira chilembocho imanena kutalika kwa mkati mwa lamba m'mainchesi. Munthu akayesa kunja, achotsepo mainchesi 2 pa lamba wa A, kapena 3 pa wa B, ndipo yotsalayo ndiyo nambala yokanena kusitolo. Lamba wakale sayenera kudaliridwa kwambiri poyesa chifukwa amakhala atatanuka ndi kuperepeseka.

Tinayamba tazimitsa makina ndi kuzula chingwe cha magetsi pakhoma, pakuti magetsi athu amabwera osagogoda. Tinamasula mabawuti a mota n'kuikhazika pakati pa mpata umene imasunthiramo, kuti mtsogolo padzakhale danga lokungira kapena kumasulira. Rula inationetsa kuti ngalande ya pule ndi ya mamilimita 13. Kenaka tinazunguliza chingwe chosatanuka m'mphepete mwa mapule onse awiri, ndipo titachiyala pa tepi chinakwana mainchesi 44. Titachotsapo 2, mphwanga analemba papepala kuti A42.

Mmawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku Malangalanga, kumene kuli masitolo ambiri a zitsulo. Pamalo oyamba mnyamata wogulitsa ananditulutsira lamba wa injini ya galimoto, wa mtengo wotsika ndithu.

"Madala, lamba ndi lamba," anatero. "Tengani ameneyu, kutalika kwake n'komweko."

"Mwana wanga," ndinatero, "kutalika n'komweko, koma taika rula apa."

Atayesa anapeza kuti anali wochepa ndi mamilimita angapo, ndipo anaseka nandilozera kwina. Pamalo achiwiri ndinapeza A42 weniweni, koma anali atakhalitsa pamsomali padzuwa. Nditamupinda chagada, timing'alu tinaoneka m'mimba mwake, pakuti dzuwa ndi kutentha zimaumitsa labala. Pamalo achitatu m'pamene ndinapeza wofewa bwino, wa zilembo zowala, wopanda chotupa polumikizira. Mwini sitoloyo anandionetsanso wina wa mano kumimba, wolembedwa AX, amene amapindika mosavuta pa mapule aang'ono kwambiri ndipo satentha msanga. Mapule athu si aang'ono chotero, kotero ndinatenga wamba. Mtengo wake unali wokwera, popeza malamba amachokera kunja ndipo amatsata kukwera kwa ndalama zakunja, komabe ndinagula awiri.

Wina angafunse kuti kodi kuvutika konseku n'kwa chiyani pa kanthu ka labala. Yankho lili pa thabwa ndi pa zala za mmisiri. Lamba woterera amachititsa sowo kufooka ili mkati mwa thabwa. Ikatero imawotcha thabwalo m'malo molicheka, mzere umakhota, ndipo nthawi zina mano amalikola n'kuliponyera m'mimba mwa wochekayo. Mmisiri akaona kuti makina akufooka amakankha mwamphamvu, manja nayandikira mano. M'makwalala athu muli anthu opanda zala amene angachitire umboni kuopsa kwa sowo. Palinso nkhani ya nthawi. M'chaka cha 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira, amisiri ankadikira magetsi tsiku lathunthu, ena n'kumacheka usiku. Amene anadutsa m'nyengo imeneyo amadziwa kuti ola limodzi la magetsi silofunika kulitayira pa lamba wovukavuka.

Kuveka lamba nakonso kuli ndi mwambo wake. Sitimukanikizira pa pule ndi chitsulo, chifukwa ulusi wa mkati mwake umaduka mosaoneka. Tinasendeza mota pafupi, n'kumuveka mofatsa, kenaka n'kuibweza pang'onopang'ono. Tinagoneka rula yachitsulo pa nkhope za mapule onse awiri kuti tione ngati ali pamzere umodzi. Pokunga, lamba akasindikizidwa ndi chala pakati ayenera kulowa pafupifupi mamilimita 16 pa mita iliyonse ya mtunda wa pakati pa mapule. Pa makina athu mtundawo ndi masentimita 42, choncho tinafuna mamilimita 6 kapena 7. Wokungika kwambiri amadya mabeyalingi a mota, wolekerera amaterera. Atagwira ntchito tsiku limodzi tinamukunganso pang'ono, pakuti lamba watsopano amayamba wakhazikika m'ngalande. Girizi ndi oilo siziyenera kumukhudza, utuchi uzichotsedwa, ndipo makina oyendera malamba awiri asinthidwe onse pamodzi kuti wina asasenze katundu yekha.

Madesiki 40 aja anakwera lole kutatsala masiku 2 kuti sukulu itsegulidwe. Lamba wachiwiri timamusunga m'kabati mopanda dzuwa, ndipo nambala yake inalembedwa m'buku ndiponso pakhoma la shedi.

Inu ophunzira, ambiri mwa inu mudzadya za manja anu. Ena mudzapita ku Lilongwe Technical College, ena mudzaphunzira luso kudzera ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, ndipo ena mudzaphunzira kwa amalume anu pansi pa mtengo wa mango. Kulikonseko mudzakumana ndi rula, tepi ndi zilembo zazing'ono zolembedwa pa zipangizo. Masamu ochotsera 2 pa 44 amaphunzitsidwa ku pulayimale, koma ndi amene anasiyanitsa lamba woyenera ndi wolakwika pa tsiku limene tinalibe ndalama zogulira kawiri. Zolowerani kuyesa musanagule, kuwerenga zolembedwa pa chinthu, ndi kufunsa kwa amene anachigwiritsapo ntchito. Wogulitsa amalemekeza wogula wobwera ndi nambala papepala, ndipo sachedwa kumutulutsira katundu weniweni.