Mtengo Wobisala M'chithunzi

Ife a pa Likoma tidazolowera kugula chinthu tisanachione. Shuga, malata, simenti, zonsezi zimaoloka nyanja kuchokera ku Nkhata Bay pa Ilala, sitima yomwe yatitumikira kuyambira 1951. Kale tinkatuma munthu ndi kakalata. Lero wamalonda wa ku Mzuzu amaponya katundu wake pa WhatsApp, iwe n'kusankha, n'kulipira pafoni, basi n'kumadikira pagombe.

Amalume anga adasiya kuona kalekale, koma ukonde amasokabe ndi manja awo. Foni yawo ili ndi TalkBack, pulogalamu yowerenga mokweza zolembedwa. Uthenga wolembedwa amaumva okha popanda wowathandiza. Tsono amalonda ambiri amangotumiza chithunzi, mtengo ndi nambala yolipirira zili m'kati mwake. Foni imangoti pali chithunzi, kwatha. Apo amalume aitane mdzukulu: "Iwe, tabwera undiwerengere." Mwana wa zaka 10 akudziwa zonse za m'thumba mwa agogo ake. Nanga ulemu wa munthu wamkulu uli pati, abale?

Vutoli n'lakale ngati intaneti yomwe. Mu 1992, ku University of Kansas ku America, adapanga Lynx, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti yomwe imaonetsa mawu okhaokha. Anthu osaona adaikonda chifukwa makina olankhula amawerenga mawu mosavuta. Ilipo mpaka lero, ndipo ndi mboni yosanama: sitolo ikaoneka yopanda kanthu mu Lynx, dziwani kuti kasitomala wosaona angaipeze yotseka.

Anzathu kumeneko sadangodandaula. Mu 2006 bungwe la National Federation of the Blind lidasumira sitolo za Target chifukwa anthu osaona ankalephera kugula pa tsamba lake. Mu 2008 Target idavomera kulipira madola 6 miliyoni ndi kukonza tsambalo.

Ife sitikufuna makhoti. Tikupempha mzere umodzi pansi pa chithunzi: dzina la katundu, kukula kwake, mtengo wake. Ndiponso netiweki ikafooka kuno, chithunzi chimangozungulira osatseguka, pomwe mawu amafika. Nthawi imeneyo tonsefe timapapasa ngati amalume.

Inu amalonda, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ng'ala sisankha diso. Lembani mawu, kuti amene ali ndi ndalama yake agule yekha.