Ndisanajambule zipinda, ndinayamba ndafunsa madzi

Mphunzitsi wa kumudzi akadutsa zaka 30, nkhani ya nyumba imayamba kumusowetsa tulo. Nyumba za pasukulu n'zochepa, ndipo ngakhale upatsidwe, si yako. Kalata yokusamutsa ikabwera, kapena tsiku lopuma pantchito likakwana, umatuluka ndi katundu wako basi. Ine ndimaphunzitsa masamu pa sekondale ina kufupi ndi Nkando, ndipo chaka chino n'chachitatu ndikumanga yanga, pang'onopang'ono, ndi malipiro a dipuloma.

Funso loyamba silinali la njerwa ayi, linali la malo. Mayi a kunyumba kwawo n'konkuno, ndipo mwambo wa kuno ndi wa chikamwini: mwamuna amakamanga kwawo kwa mkazi. Apongozi anatilozera malo abwino ndithu, kuseri kwa nyumba yawo. Koma abale anga anandifunsa mosapsatira kuti, "Achimwene, mawa zitavuta, nyumbayo mudzaisenza?" Nawonso mayi a kunyumba anali ndi mantha awo. Aonapo akazi amasiye akulandidwa nyumba ndi achibale a mwamuna. Tinagwirizana kugula puloti yapadera, ndipo pa pepala limene anasainira a gulupu pali mayina athu tonse awiri. Apongozi anakhumudwa kwa miyezi ingapo. Anayamba kumasuka tsiku limene anaona kuti pa pulani pali chipinda chawo.

Malowo sindinawasankhe m'chilimwe. Mu Okutobala malo alionse amaoneka abwino. Ndinadikira Febuluwale, mvula ili pakati, n'kumapita ndi jombo kukaona kumene madzi akuchokera, kumene akudikha, ndi kumene akuthamangira polowera ku mtsinje wa Thuchila. Amene tinaliona dzinja la 2022 la namondwe wa Ana, kenako Freddy mu Malichi 2023, sitifunikanso kuuzidwa. Nyumba zambiri zimene zinagwa m'midzi yathu sizinagwe chifukwa cha mphepo yokha. Madzi ananyowetsa m'munsi mwa khoma lomangira dothi, khomalo n'kukhala pansi ngati phala.

Choncho pa pepala la magirafu, lomwelija timapatsa ana a Folomu 3, chinthu choyamba kujambula chinali ngalande yopatutsa madzi, zipinda zinabwera pambuyo. Maziko tinawakweza masentimita 45 kuchoka pa nthaka, tinamangira simenti, ndipo pamwamba pake tinayala pulasitiki wakuda kuti chinyontho chisakwere m'khoma. Ndalama zimene zinapita pansi pamenepo palibe mlendo adzaziona, ndipo anzanga ena anandiseka kuti ndikukwirira malipiro m'dothi.

Pa denga ndi pomwe tinakangana ndi amisiri anga, bambo achikulire amene amanga nyumba zambiri kuno. Iwo anati, "Aphunzitsi, denga la mbali ziwiri n'losavuta, malata ake ndi ochepa." Zoona. Koma denga la mbali zinayi mphepo silipeza pogwira, ndipo ine ndinasankha limeneli ngakhale likudya malata ndi matabwa ochuluka. Iwo nawonso anandigonjetsa pa mfundo ina imene sindinaiwerenge m'buku lililonse: denga la khonde likhale lapalokha, losalumikizana ndi la nyumba, kuti chimphepo chikalitukula chisatenge ndi nyumba yomwe. Mitanda yonse idzamangiriridwa ndi waya wozikika m'konkire ya pamwamba pa mawindo, osati kungoikapo miyala ngati mmene tinazolowera.

Zithunzi za nyumba zokongola pa Facebook ndi WhatsApp ndimaziona, ndipo zina zimandikopa. Koma nyumba zimenezo sizidziwa chiperoni. Mu Juni ndi Julayi mphepo yozizira ya mvula yowaza imachokera kum'mwera chakum'mawa, choncho mbali imeneyo ndinaikako mawindo aang'ono. Kumadzulo, kumene dzuwa la Okutobala limawotcha khoma mpaka usiku, kuli chipinda chosungira chimanga, chifukwa matumba sadandaula kutentha. Masiku ano nkhokwe ya panja ndani akuikhulupirira? Zenera lalikulu limodzi lokha ndinaliumirira popanda chifukwa cha nzeru: la pabalaza, loyang'ana phiri la Mulanje.

Pulani yanga yoyamba inali ndi khitchini ya m'kati, yokhala ndi sinki. Mayi a kunyumba anaiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Bambo a Chisomo, utsi wa nkhuni udzatulukira pati?" Magetsi sanafike mbali yathu, ndipo ngakhale atafika, nyemba sitidzaphikira magetsi. Khitchini inatuluka panja, pafupi ndi chitseko chakuseri, ndi kanjira kofolera kuti nsima isamanyowe popita m'nyumba. Chimbudzi chili kumunsi, mamita 30 kuchoka pa chitsime.

Kamangidwe kake kakutsata thumba. Nyumbayi ndinaijambula kuti imangidwe magawo awiri: pabalaza ndi zipinda ziwiri poyamba, zipinda zina ziwiri pambuyo, popanda kugwetsa khoma. Pomwe padzakhale chitseko cholowera gawo lachiwiri tinaikiratu lintala n'kutsekapo ndi njerwa zomangira dothi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zomangira inalumpha koma malipiro anatsalira m'mbuyo. Kuyambira pamenepo ndalama sindisunga. Zikapezeka, kaya za ku banki m'khonde kaya za nandolo, ndimagula malata, misomali ndi mafelemu, zinthu zosawola. Simenti yokha ndimagula amisiri ali kale pamalo, chifukwa ikakhalitsa imauma m'thumba momwemo.

Njerwa ndi zimene zimandivutitsa mumtima. M'kalasi ana amamva za kutha kwa mitengo, ndipo boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga zake mu 2018. Komabe gawo loyambali ndamangira zootcha, poti mabuloko a simenti thumba langa silikanakwanitsa. Za gawo lachiwiri ndikufufuza makina opanikizira njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zosafuna nkhuni.

Pakadali pano khoma lafika pa lintala. Malata 38 ali pansi pa bedi m'nyumba ya lendi, atsala 22, ndipo amisiri akuti tikhome denga mvula yoyamba isanagwe.