BUKU LA KUTHA KWA DZIKO NDI NYIMBO YA WAKUBA NKHOSA

Mwa alembi amene anayesa kulongosola masiku otsiriza a mtundu wa anthu, ndi owerengeka amene analemba mofatsa monga Bambo Nevil Shute. Iwo anabadwira ku London m'caka ca 1899, ndipo nchito imene anaphunzira inali yopanga ndeke. Mu 1950 anasamukira ku Australia, kumene analemba buku lochedwa On the Beach, losindikizidwa mu 1957.

M'bukumo simumveka kulira kwa mfuti. Nkhondo ya mabomba a atomiki inatha kale, maiko a kumpoto ali zii, ndipo mphepo ili kukankha fumbi la ululu pang'onopang'ono kulinga kumwera. Anthu a mumzinda wa Melbourne adziwa nyengo imene fumbilo lidzawapeza. Mzinda wao sunagwerepo bomba ngakhale limodzi, koma mphepo sifunsa amene anaputa ndeu.

Colasa mtima ndi khalidwe la anthuwo. Msilikali wa pamadzi Peter Holmes ndi mkazi wace Mary ali kalikiliki kukonza dimba la maluwa amene sadzawaona atamasula. Dwight Towers, mkulu wa sitima yoyenda pansi pa nyanja ya ku America, agulira ana ace mphatso, cikhalireco kwao ku Connecticut kulibenso wopuma. Boma ligawa mankhwala kwa iwo ofuna kufa msanga matenda asanakule. Wina angatsutse kuti anthu sangadikire imfa mwaulemu cotere, kuti kukanakhala kulanda ndi kuphana. Kutsutsako kuli ndi nzeru, koma amene anaonapo nkhalamba ikubzala mtengo wa mango podziwa kuti sidzalawa cipatso cace sangafulumire kunena kuti Bambo Shute ananama.

Mu 1959 Bambo Stanley Kramer anasandutsa bukuli kanema, oseweramo ali Gregory Peck ndi Ava Gardner. Wokonza nyimbo, Bambo Ernest Gold, anatenga Waltzing Matilda, nyimbo imene anthu a ku Australia aikonda koposa, naibwereza kuyambira poyamba kufikira potsiriza. Mau ace analembedwa ndi Banjo Paterson mu 1895. Isimba za munthu woyendayenda ndi katundu kumsana, amene anaba nkhosa, ndipo poona apolisi anadziponya m'dziwe kuti asagwidwe. Ndi nyimbo ya pamowa ndi pamasewera, yoyimbidwa mosekaseka, kotero kuti ambiri saganizirako kuti mwini nkhaniyo anamira.

M'kanemayo muli malo ena pamene amuna opita kukawedza nsomba aiyimba usiku ataledzera, mau ali balala. Kenaka phokoso lizilala, natsala mau a munthu mmodzi woyimba mwapang'onopang'ono. Pamenepo womvera azindikira kuti woyendayenda uja ndi anthu a ku Melbourne ali pa njira imodzi, pakuti onse asankha okha kafedwe kao pamene pothawira patha. Palibe ciganizo m'buku cimene cicita nchito imeneyi mwacangu monga nyimboyo.

Bambo Shute sanakondwere ndi kanemayo, makamaka cifukwa anaonetsa Towers ngati wasiya kukhulupirika kwa mkazi wace womwalira. Iwo anatisiya mu January 1960 ku Melbourne, patangopita mwezi umodzi cionetsedwere kanemayo m'mizinda yambiri, kuphatikizapo Moscow.

Mantha amene analemba sanali ongopeka. Mu 1956 ndi 1957 Angerezi anali kuphulitsa mabomba oyesera ku Maralinga, kumwera kwa Australia, atacotsa eni nthaka, anthu a mtundu wa Aborigine, pa malo a makolo ao. Ndipo mwala wa uranium wambiri umene America inagwiritsa nchito popanga mabomba oyamba a 1945 unakumbidwa ku Shinkolobwe m'cigawo ca Katanga, kutsidya kwa malire a Zambia.