Muyeso wa Mau pa Nchito ya Kanema

Pojambula kanema, maso a anthu onse amakhala pa osewera ndi pa mwini kamera. Koma pambali, pamene sipafika kuwala kwa nyali, pamakhala munthu wina ali phee pa kampando, zomverera zili kumakutu, zala zili pa tizitsulo topotokola ta makina ace. Ameneyu ndiye wojambula mau. Mlendo angamuyese mlesi, pakuti sanyamuka, sapfuula, salamula munthu. Komatu akalakwa ndi cala cimodzi cokha, thukuta la tsiku lonse lingapite pacabe.

Pa tizitsulo tonseto, kofuna nzeru koposa ndi kamene Angelezi amakacha gain. Maikolofoni ikamva liu imalisandutsa mphamvu ya magetsi yocepa ndithu, imene siingasungike bwino popanda kuikuza. Ndipo kacitsulo aka ndiko kanena kuti ikule kufikira pati. Ngozi zili ziwiri. Makina ali onse ali ndi kaphokoso kao-kao, konga mvula yakugwa patali. Gain ikacepa, liu limakhala pafupi ndi kaphokosoko, ndipo amene adzafuna kulikweza pambuyo pace adzakweza zonse pamodzi. Ikacuruka, liu limapyola malire a makina nilisweka, nilimveka ngati ng'oma yong'ambika. Pa ziwirizi yoipitsitsa ndi yaciwiri. Kalaliki akaphonya potaipa kalata amang'amba pepala nayambanso, koma misozi ya wosewera, imene inadza kamodzi, siitanika kawiri. Paja akulu anati madzi akatayika saoleka.

Cobvuta n'cakuti liu la munthu silikhala pamodzi. Pa muyeso wa madesibelo, kunong'ona kuli ngati 30, kuceza wamba ngati 60, ndipo kupfuula kumapitirira 80. Wosewera waluso angayambe ciganizo monong'ona nacitsiriza mokalipa. Cifukwa ca ici wojambula mau wanzeru sayembekeza kuti singano ya pa makina imuuze, popeza singano imanena zimene zacitika kale. Iye amawerenga sewero lonse usiku, nadziwa mzere umene mkwiyo udzabuke. Amadziwanso cinthu cimene mabuku sacinena kawiri-kawiri: poyeseza, osewera amasunga mphamvu zao, ndipo kamera ikayamba kuyenda liu lomwe lija limakula. Wokhulupirira kuyesezako amagwa m'mbuna. Motero mwambo wa nchito uli wakuti asiye malo opuma pamwamba. Ku Amereka liu loyesera makina amaliika pa madesibelo 20 kunsi kwa malire, ku Ulaya pa 18, kuti mpfuu yodzidzimutsa ipeze polowa.

Kale makina anali okhululuka pang'ono. M'caka ca 1951 Stefan Kudelski, mbadwa ya ku Poland yokhala ku Switzerland, anapanga makina onyamulika ochedwa Nagra, ndipo Nagra III ya 1958 inakhala bwenzi la ojambula mau zaka zambiri. Tepi yace inali kulandira mau opyola muyeso mwaulemu, kuwafinya pang'ono-pang'ono asanaonongeke. Makina a manambala amene analowa m'malo mwa tepi alibe cifundo cotere: pa 0 pali khoma, ndipo cofika pamenepo cimadulidwa mutu.

Pali cinyengo cina cimene cimakola ophunzira nchito. Liu likamveka patali, dzanja limathamangira kukweza gain. Koma kacitsuloko kalibe tsankho. Sikadziwa kusiyanitsa wosewera ndi tambala wa kuseri kwa nyumba, kapena galimoto lopita pamseu. Mankhwala eni-eni ali m'manja mwa mnzace uja wonyamula maikolofoni pa ndodo yaitali. Akacepetsa ndi theka mtunda wa pakati pa kamwa ndi maikolofoni, liu limakula ndi madesibelo ngati 6, tambala osakula konse. Nkhondo yace imakhala ndi mwini kamera, amene safuna kuona nsonga ya ndodo m'cithunzi.

Umboni wa zimene khutu losamala lingacite unaoneka pa kanema wa Les Misérables wa 2012. Mtsogoleri wace, Tom Hooper, anakana mwambo wojambuliratu nyimbo m'cipinda, nati osewera ayimbe pomwepo pamaso pa kamera, akumva limba m'tizomverera tobisika m'makutu. Simon Hayes ndiye anasenza katundu wogwira nyimbo zoyamba ndi kusisima ndi kutha ndi mau onse a m'cifuwa. M'caka ca 1929 kapena 1930, pamene kamera inali kutsekeredwa m'bokosi kuopa phokoso lace, zotere zikadakhala zobvuta zedi. Hayes ndi anzace awiri analandira mphotho ya Oscar m'caka ca 2013.

M'caka ca 2019 makampani a Zoom ndi Sound Devices anaturutsa makina a 32-bit float, amene amasunga liu laling'ono ndi lalikuru lomwe, kotero kuti muyeso ungakonzedwe bwino lomwe pambuyo. Ena anati nchito ya cala yatha. Ananena zoona pang'ono cabe. Maikolofoni yokha ili ndi malire ace, ndiponso kawailesi kobisika m'malaya a wosewera kali ndi gain yace-yace. Liu likaswekera m'menemo, makina apamwamba amangosunga mosamala cinthu cosweka kale.

Cotsala ndi kulimba mtima. Mtsogoleri akakondwa, dzuwa likupendeka, anthu atatopa, wojambula mau yekha ndiye adziwa kuti mzere wina wasweka. Akakhala cete, wosewera adzaitanidwa patapita miyezi kukabwereza mauwo m'cipinda, kutsata milomo yace ya pa cithunzi, ndipo si kawiri-kawiri kuti moto wa tsiku lija ubwerere. Akalankhula, nkhope zonse zimamtembenukira. Atatha kupempha zimenezo, amapemphanso cina cimene alendo amaseka: kuti onse aime duu kwa theka la mphindi, ajambule bata la m'cipindamo, lodzatsekera mipata polumikiza kanema. Pa nthawi imeneyo gain saikhudza, pakuti bata liyenera kulowa pa muyeso womwe unalowera mau.