Kamboni Kakang'ono M'njira ya Utsi

Galimoto zambiri zimene zikutumikira maparishi, zipatala za mishoni ndi mabanja ena pakati pathu ndi zija zazitali, zosaopa matope ndi miyala, zimene zidayamba zatumikira anthu ena ku Japan zisanatsike pa doko la Dar es Salaam kapena la Durban. Maina ake tidawazolowera: Toyota RAV4, Land Cruiser Prado, Mitsubishi Pajero. Zina mwa izo zapyola zaka 20, komabe ndi zomwezo zimene zimafikitsa wansembe kwa wodwala amene akudikira Mafuta Oyera, ndi zomwezo zimene timakagogodera mwini wake pakati pa usiku mai wapakati akayamba kumva zowawa. Tsono galimoto yotere ikayamba kumwa petulo mopyola muyeso, utsi wake nkumatuluka wakuda, ndipo kanyali kachikasu kachithunzi cha injini nkuyaka kutsogolo kwa woyendetsa, nkhaniyo imakhudza thumba la banja ndi ulendo wa kwa odwala womwe.

Kawirikawiri makaniko amatiuza kuti yafa ndi sensa ya okosijeni. Tisanatulutse ndalama, nkwabwino kuti timvetse ntchito ya kachipangizo kameneka. Injini ya petulo imayaka bwino pamene magawo 14.7 a mpweya akumana ndi gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera kwake. Kompyuta ya galimoto ndiyo imagawa petuloyo, koma ilibe maso oonera m'kati mwa masilinda. Imadalira mboni yoima m'njira ya utsi, yofotokoza zimene zatsala moto utatha. Mboniyo ndi sensa imeneyi. Idapangidwa ndi kampani ya Bosch ya ku Germany, ndipo idayamba kugwira ntchito m'galimoto za Volvo m'chaka cha 1976. Nsonga yake ndi yadothi lolimba lotchedwa zirconia. Mbali ina ya dothilo imakhudzana ndi utsi, mbali inayo imakhudzana ndi mpweya wakunja umene ife tonse timapuma, momwe magawo 21 mwa 100 ndi okosijeni. Kusiyana kwa mbali ziwirizi kumabala timagetsi tochepa: pafupi ndi 0.9 volt petulo akachuluka, pafupi ndi 0.1 volt akachepa. Sensa yamoyo sikhazikika pa nambala imodzi. Imakwera ndi kutsika kosalekeza, kompyuta nkumawongola muyeso nthawi yomweyo.

Nanga kali pati kachipangizoka? Choyamba tidziwe ngati galimoto yathu ndi ya petulo, pakuti injini zakale za dizilo zilibe sensa yotere, ndipo wotigulitsa sensa ya Land Cruiser yakale ya dizilo watigulitsa mphepo. Ngati ndi ya petulo, tidikire injini izizire, kenaka titsate paipi ya utsi kuyambira pamene yatulukira m'injini. Tidzaona kanthu kofanana ndi pulagi kolowa m'paipimo, kokhala ndi waya mmodzi, awiri, atatu kapena anai. Koyamba kukumana nako, kutsogolo kwa chibotolo chosefa utsi chija amati catalytic converter, ndi Sensor 1, imene imatsogolera kagawidwe ka petulo. Kokhala kuseri kwa chibotolocho ndi Sensor 2, imene ntchito yake yaikulu ndi kuona ngati chosefacho chikusefadi. Injini ya masilinda anai ondondozana, monga ya RAV4 yoyamba, ili ndi mzere umodzi wokha. Injini ya V6 ili ndi mizere iwiri, ndipo masensa angafike anai; mzere umene muli silinda yoyamba ndiwo Bank 1. Amene saidziwa mfundo iyi amachotsa sensa yabwino nkusiya yakufa ili pomwepo. Ndipo tisalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeki yokha, kapena kuliza injini m'galaja yotseka, pakuti mu utsi muli mpweya wakupha umene sununkha.

Galimoto imatha kunena yokha pamene pakupweteka. Kuyambira 1996 galimoto zogulitsidwa ku America zidalamulidwa kukhala ndi polumikizira pa mano 16 pansi pa chiwongolero, potchedwa OBD-II, pamene makina owerengera amatulutsa nambala ya vuto. P0135 imanena za kotenthetsera ka Sensor 1 ya Bank 1; P0171 imanena kuti mpweya wachuluka, petulo wachepa; P0420 imadandaula za chosefa utsi. Toyota zambiri zakale zimayankhula mwa njira ina: tikalumikiza TE1 ndi E1 m'kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, kanyali kaja kamaphethira, ndipo kakaphethira kawiri, nkupuma, nkuphethiranso kamodzi, ndiye nambala 21, yoloza ku sensa ya okosijeni.

Apa ndi pamene ambiri timataya ndalama. Nambalayo imangotiuza dera limene kwamveka kulira. Siigamula kuti sensa yafa. Paipi ya utsi ikang'aluka kutsogolo kwa sensa, mpweya wakunja umalowa, sensa nkunena zoona zake kuti okosijeni wachuluka, kompyuta nkuthira petulo wosafunika. Kapaipi ka labala kolowetsa mpweya m'injini kakathetheka, zotsatira zake ndi zomwezo. Pulagi yosayaka, waya wopsa pokhudzana ndi paipi yotentha, fyuzi yoduka, zonsezi zimaneneretsa sensa yosalakwa. Motero makaniko wosamala amayamba wayang'ana mawaya, namvetsera ngati utsi ukupolera penapake, nayeza kotenthetsera ndi mita yamagetsi. Kenaka amatenthetsa injini, pakuti dothi lija silinena kanthu lisanafike pa madigiri pafupifupi 300, ndipo amaona ngati timagetsi tikukwera ndi kutsika msanga. Tikamayenda mwaulesi kapena kuima pamodzi, pamenepo sensa yakalambadi. Galimoto zina zatsopanoko zili ndi mtundu wina wa sensa umene umayezedwa mosiyana, choncho buku la galimotoyo lifunsidwe. Safunsa adadya phula. Sensa ikamasulidwa, kawirikawiri ndi sipanala ya 22 mm yong'ambika pambali, nkhope yake imafotokoza mbiri: mwaye wakuda ndiye kuti petulo ankachuluka, zoyera ngati phulusa ndiye kuti idamwa poizoni wa silikoni kapena wa madzi ozizitsira injini. Mtovu wa m'petulo udaphanso masensa ambiri kale, maiko a kumwera kwa Sahara asanauleke pofika chiyambi cha 2006.

Pali mankhwala ena amene atchuka pakati pathu: kumata tepi yakuda pa kanyali kaja, kapena kuchotsa babu lake galimoto isanagulitsidwe. Wochita izi asanagulitse walakwira lamulo lachisanu ndi chiwiri ndi lachisanu ndi chitatu lomwe, pakuti watenga ndalama ya mnzake ndi bodza. Wongomata kuti asamakaone wadzinamiza yekha: petulo apitirira kutha, chosefa utsi chimene chili chodula kuposa sensa chidzapsa, ndipo tsiku lina galimoto idzakana pamene moyo wa munthu ukuidikira.

Tikamalingalira zimenezi, maganizo athu amafika pa chikumbumtima. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha 1965, udaphunzitsa kuti m'kati mwa munthu aliyense muli malo obisika m'mene amamva liu la Mulungu. Liu limeneli nalonso limaima kumene kumatulukira zotsala za moyo wathu, mau amene tanena, ndi misozi imene taliritsa ena, ndipo limatiuza ngati muyeso wasokonekera. Sensa imayeza utsi poufanizira ndi mpweya woyera wakunja. Njira ya mpweyawo ikatsekeka ndi mafuta ndi matope, imayamba kunama. Chikumbumtima chimene chimangodziyeza ndi zochita za anzathu a kumowa kapena a kuntchito chatsekedwa chimodzimodzi. Chimafuna Mau a Mulungu, chiphunzitso cha Eklezia ndi uphungu wa anthu olungama. Chimafunanso kufunda, pakuti mtima umene wazizira posiya mapemphero sumvanso msanga. Ndipo chimakalamba pang'onopang'ono: tchimo limene kale linkatisowetsa tulo limafika pongotikhudza patapita mlungu, kenaka osatikhudza konse.

M'mabanja mwathu mulinso mboni zotere. Mwana amene wasiya kuseka, nayamba kulephera kusukulu, kawirikawiri amakhala akungoonetsa zimene zikuyaka molakwika pakati pa bambo ndi mai ake. Mai amene akudandaula kuti ndalama zikutha mwezi usanafike pakati akunena za utsi umene akuuona. Tikamkwapula mwanayo kapena kumkalipira maiyo, tasintha sensa nkusiya mng'alu. Mfumu Davide adali ndi mphamvu zomtseka pakamwa mneneri Natani pamene adamdzudzula za mkazi wa Uriya, koma adamvera, nalapa, ndipo Eklezia akupempherabe ndi salimo lake la kulapa mpaka lero. Makolo athu adati wakutsina khutu ndi mnansi.

Ignatius Woyera wa ku Loyola adalangiza ophunzira ake kudzifunsa mumtima tsiku ndi tsiku, osadikira kuti chaka chithe. Banja lililonse lingathe kuchita zimenezi pa mapemphero a madzulo, mwakachetechete, kwa mphindi zochepa: kuthokoza Mulungu, kuona pamene tapsetsa ena mtima, kupepesana tisanagone. Zimene zapezeka kuti ndi zazikulu tipite nazo ku Sakramenti la Kulapa. Ndipo galimoto ija tiipititse kwa makaniko amene amayeza asanagulitse, timfunse atiwonetse chimene wapeza, pakuti odwala a kunthambi zakutali akuidikira.