Ulendo Wathu wa ku Chilumba cha Maria Woyera, Kwawo kwa Achifwamba a Panyanja

Inu abale athu Akristu a m'midzi, makolo pamodzi ndi ana, mwezi uno tifuna kukusimbirani za ulendo umene tinayenda ku Madagascar, dziko lalikulu lozingidwa ndi madzi, limene lili kum'mawa kwa Mozambique, tsidya lija la nyanja yamchere. Tinapitako pa ntchito yathu ya ukatekisti, ndipo ntchitoyo itatha, anzathu a kumeneko anatiumiriza kuti tisabwerere kwathu tisanaone kachilumba kena kotchuka, kamene eni ake akatcha Nosy Boraha, koma Azungu akatcha Sainte-Marie, ndiko kunena Maria Woyera.

Tinanyamuka mu mzinda wa Toamasina pa galimoto, kulunjika kumpoto m'mbali mwa nyanja, kufikira pa dooko la Soanierana-Ivongo, ndipo apo tinakwera ngalawa ya injini. Ife amene tinaonapo mwera pa nyanja ya kwathu tinayesa kuti mafunde tiwadziwa; koma pamene ngalawa inatuluka pa mathiriro a mtsinje ndi kuyamba kukwera mapiri a madzi, tinatulutsa korona m'thumba osachita manyazi. Mulungu anatitonthoza potionetsa namgumi alikupuma patali, pakuti kuyambira mwezi wa Julaye kufikira Sepitembala nyama zazikuluzi zifika m'madzi amenewa kudzaswa ana.

Chilumbacho n'chachitali koma chopapatiza, utali wake ngati makilomita 50, chodzala ndi mitengo ya kokonati, minda ya mpunga ndi midzi ya asodzi. Mudzi wake waukulu ndi Ambodifotatra. Pa kamtunda koyang'ana kudooko paima tchalitchi limene linamangidwa m'chaka cha 1857, ndipo lidziwika kuti ndilo lakale koposa matchalitchi onse a Katolika amene aimirirabe m'Madagascar. Guwa lake n'lachitsulo, mphatso yochokera kwa Eugénie, mkazi wa mfumu Napoleon III ya ku France. Tinagwada m'menemo ndi mtima wodzichepetsa, pokumbukira kuti nyumba iyi inaima zaka 44 Abambo a Montfort asanafike kwathu ku Nzama m'chaka cha 1901.

Koma dzina loyera la chilumbachi libisa mbiri yoopsa. Zaka zoposa 300 zapitazo, kuno kunali kwawo kwa achifwamba a panyanja, amuna ochokera ku Ulaya ndi ku America amene anali kulanda zombo za eni ake. Mbiri imeneyi sitinaiphunzire m'buku, koma m'masewera, ndipo masewerawo ndiwo tifuna kukufotokozerani.

Misa itatha, anyamata ndi asungwana ena anatiitana kuti tilowe nawo m'masewera ofunafuna chuma chobisika, amene padziko lonse atchedwa geocaching. Chiyambi chake n'chotere. Kumwamba, pa mtunda wa makilomita ngati 20,000, kuzungulira makina otchedwa masetilaiti, amene atumiza zizindikiro pansi pano usana ndi usiku. Foni ya m'manja ikalandira zizindikiro za masetilaiti anayi kapena kuposa, itha kuwerengera pamene mwini wake waima; luso limeneli ndilo GPS. Kale boma la America linali kusokoneza dala zizindikirozo, kotero kuti munthu wamba anali kuphonya ndi mamita ngati 100. Pa 2 Meyi 2000 kusokonezako kunaleka, ndipo m'mawa mwake munthu wina dzina lake Dave Ulmer anabisa ndowa yakuda m'thengo ku Oregon, nalengeza manambala a malowo kuti ena akaifune. Lero timabokosi totere tiposa mamiliyoni 3 m'maiko ambirimbiri. Lamulo lake n'lapafupi: ukapeza kabokosi ulembe dzina m'kabuku kali m'menemo, ukatenga kanthu usiyemo kanthu kena kolingana nako, ndipo ubweze kabokosi pamene unakapeza.

Anawa anali atakonza masewera awo monga mwa mbiri ya chilumba chawo. Anamanga mipango kumutu, ena anaphimba diso limodzi ndi kansalu kakuda, ndipo wotsogolera ananyamula mbendera yojambulidwa chibade ndi mafupa awiri opingasa. Tiulule kuti poyamba mtima wathu unakayika, pakuti sikuyenera kuti ana a Akristu azitamanda mbava. Koma mnyamata wamkulu anatiyankha mwaulemu kuti m'kabokosi kalikonse tipezamo kapepala konena zoona za anthu aja, ndipo tikamaliza tidzaweruza tokha.

Kabokosi koyamba kanali pafupi ndi dooko. Foni inatifikitsa pamalopo, koma sinathe kutilozera mwala weniweni, pakuti iphonyabe ndi mapazi angapo. Tsono zinatsalira maso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kamsungwana kakang'ono ndiko kanakatulukira m'mphako ya khoma, ife akuluakulu tilikuyang'ana kutali. Kapepala kake kananena za Adam Baldridge, amene anakhazikika pa chilumbachi m'chaka cha 1691, namanga linga ndi nyumba ya malonda. Iye anali kugulitsa mfuti, onga, zovala ndi mowa kwa achifwamba, naiwo anali kumlipira ndi katundu wolanda m'zombo za amalonda a ku India ndi za Asilamu opita kukapembedza ku Mecca. Koma umbombo sukhuta. Ananyenga eni dziko ena, nawakweza m'chombo, nawagulitsa ukapolo. Ndipo m'chaka cha 1697 abale awo anauka, napha achifwamba ena, nagwetsa malo ake, mwini wake nathawira ku New York.

Pomva za ukapolo tinakhala chete, pakuti nkhaniyi si yachilendo kwa ife a ku nyanja. M'zaka za m'ma 1800 anthu ambiri ogwidwa ku Mozambique ndi m'maiko a kumtunda anaolotsedwa kudza ku Madagascar, ndipo adzukulu awo, otchedwa Makoa, alikobe makamaka kumadzulo kwa dzikolo. Mfumukazi Ranavalona II inawamasula m'chaka cha 1877.

Kabokosi kachiwiri kanali pa gombe loyang'ana kachilumba kakang'ono ka pakati pa dooko, kotchedwa Île aux Forbans, ndiko kunena chilumba cha achifwamba. Umo tinawerenga za William Kidd wa ku Scotland. Munthu ameneyu anatumidwa ndi akulu a ku England kukasaka achifwamba, nanyamuka m'chaka cha 1696 pa chombo chotchedwa Adventure Galley. Koma mlenje anasanduka fisi: m'chaka cha 1698 analanda chombo chodzala ndi katundu chotchedwa Quedagh Merchant, nafika nacho kuno. Amalinyero ake ambiri anamthawa, ndipo chombo chake choyamba, chitabooka ndi kuola, chinatsirizikira m'dooko lomweli. Chuma china anakachikwirira pa chilumba cha Gardiners, kufupi ndi New York, m'chaka cha 1699. Koma boma linachifukula msanga, nichikhala umboni womtsutsa pa mlandu. Anam'pachika ndi chingwe ku London pa 23 Meyi 1701.

Dzuwa litapendeka, madzi ataphwera, tinaoloka pa miyala yoterera pakati pa mitengo yomera m'madzi amchere, ndi kukwera kachitunda pamene pali manda otchedwa a achifwamba. Malo ake ngokongola ndi achisoni: miyala yakuda, ina yogwa, ina yong'ambika, pansi pa mitengo yaitali, ndi nyanja yabata kunsi kwake. Zolemba zimene ziwerengekabe n'za m'zaka za m'ma 1800, nthawi ya achifwamba itapita kale. Mwala umodzi uli ndi chibade ndi mafupa, ndipo alendo athamangira pomwepo. Koma Akristu akale a ku Ulaya anali kusema chizindikiro chimenechi pa manda ambiri pofuna kukumbutsa odutsa kuti nawonso adzafa. Tinavula zipewa, tinapempherera onse ogona pamenepo, pakuti chifundo cha Mulungu sichifunsa kalata ya ulendo.

Kabokosi kotsiriza sikanali pakati pa manda, popeza anawa adziwa ulemu, ndiponso malamulo a masewerawa aletsa kukumba pansi. Kanali kunja, m'mizu ya mtengo. Ndipo chuma chake chinali chiyani? Kabuku konyowa pang'ono, pensulo yaifupi, zigoba za nkhono zitatu, batani, ndi kandalama ka dziko lina. Ife tinatenga chigoba chimodzi, tinasiyamo kamedulo ka Amayi Maria, ndi kulemba dzina la parishi yathu pansi pa maina a alendo ena. Ana anaomba m'manja monga apeza golide.

Kapepala ka m'menemo kanali ndi nkhani ya masiku athu ano. M'mwezi wa Meyi 2015 Barry Clifford wa ku America, katswiri wofufuza zombo zomira, anavuula m'dooko lino chitsulo cholemera makilogalamu 50, nachipereka pamaso pa mtsogoleri wa dziko la Madagascar, nanena kuti ndi siliva wa Kidd. Mbiriyo inawanda padziko lonse. Koma patapita miyezi iwiri, akatswiri otumidwa ndi bungwe la UNESCO atachiyesa, anapeza kuti magawo 95 mwa 100 ndi mtovu, chitsulo chija asodzi amangirira ku makoka kuti amire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pobwerera kudooko madzulo aja, maganizo athu anaulukira kwathu. Tidziwa bambo wina m'mudzi mwathu, Mkristu wabwino ndi mlimi wakhama, amene anamva kwa mlendo kuti pansi pa phiri la kwathu pali mtsuko wa ndalama zimene Azungu akale anakwirira. Anagulitsa mbuzi zake zonse kulipira mlendoyo ndi makina ake, nakumba usiku milungu itatu, munda wake uli thengo. Mlendo anazimirira, dzenje linatsala, ndipo chaka chimenecho ana a m'nyumbamo analeka sukulu. Ife amene, amene tinamva mphekesera zake poyamba, tinachedwa kukacheza naye, ndipo mlandu umenewo tiusenza kufikira lero. Chifukwa chake tilemba izi, kuti m'nyumba mwanu musalowe tsoka lomweli. Inde, chuma chili m'nthaka, koma chituluka ndi khasu la masana, osati ndi fosholo ya usiku.

Taonani kusiyana kwake. Achifwamba anatenga osasiya kanthu, ndipo chuma chawo chinali misozi ya amasiye, ya apaulendo ndi ya akapolo. Eni ake ena anafera pa chingwe, ndipo chimene anthu ayesa cholowa chawo chapezeka mtovu. Ana a ku Ambodifotatra atenga kanthu ndi kusiyapo kanthu, kotero kuti kabokosi kawo sikatha, ndipo wodza m'mbuyo apezanso chomkondweretsa. Tinavomera pamaso pa mnyamata uja kuti masewera awo satamanda mbava, koma aziika poyera.

Tsono makolo, ngati mufuna, yesani masewerawa pa tchalitchi lanu tsiku la Mulungu masana. Foni siifunika. Bisani zitini zinayi kapena zisanu pa malo a mbiri ya mudzi wanu, monga pa chitsime chakale, pa mtengo umene Akristu oyamba anali kupempherera, kapena pa bwinja la agogo. M'chitini chilichonse muikemo kapepala konena mbiri ya malowo, ndi mwambi wolozera ku chitini chotsatira. Muuze ana kuti wotenga chiponde asiyemo mtedza, ndipo mufunse agogo kuti atsagane nawo, pakuti iwo ndiwo adziwa zimene kapepala sikangathe kunena.

Pa mapemphero anu a madzulo mwezi uno, kumbukirani asodzi ndi amalinyero onse, mizimu ya akapolo amene anafera panyanja, ndi mabanja amene anyengedwa ndi chuma chabodza. Maria Woyera, amene dzina lake likhala pa chilumba chija, atipempherere ife tonse. Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.