Makina Ophunzitsa Ana Masamu

Abale anga, inu amene mwayamba kuwerenga muli akulu kale, ambiri a inu muli ndi ana kapena adzukulu ku sukulu ya pulaimale. Kapena mwana wanu anafika tsiku lina nati, "Lero taphunzira masamu pa tabuleti," inu n'kungoyankha kuti, "Cabwino," osadziwa cimene ali kunena. Ine ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya kumudzi, ndipo makina amenewa ndimawaona masiku onse. Ndifuna kukuuzani za iwo monga ndiwadziwira, pakuti mwana amene awagwira ndi wanu.

Tabuleti ndi kompyuta yaing'ono yathyathyathya, kukula kwace ngati sileti imene makolo athu analemberapo. Kumaso kwace kuli galasi. M'kati mwace amisiri anaikamo pulogalamu, ndiwo malangizo amene auza makina cocita. Popanda pulogalamu tabuleti iri ngati wailesi yopanda wolankhula. Mwana abvala zomvera m'makutu, namva mau a mphunzitsi wamkazi wolankhula Cicewa, amene cithunzi cace cioneka pa galasipo. Mphunzitsiyo ayamba wamuonetsa, kenaka amuuza kuti ayese yekha, monga kugwira zipatso zitatu ndi cala ndi kuzikokera mbali imodzi. Akakhoza, cizindikiro cokhoza cioneka pompo. Akalakwa, ayesanso. Makina sakalipa, sausa moyo, ndiponso palibe mnzace womseka, pakuti aliyense ali kuyang'ana pace.

Tsono wina angafunse kuti, "Kodi aphunzitsi atha m'dziko muno, kuti ana athu aziphunzitsidwa ndi galasi?" Iai, aphunzitsi alipo, koma ana ndiwo aculuka. M'caka ca 1994 Boma linathetsa fizi m'sukulu za pulaimale. Ine ndinali mwana wa sukulu nthawi imeneyo, ndipo ndikumbukira kuti ana anadzaza m'zipinda, ena nakhala pansi pa mitengo. M'dziko lonse la Malawi ana a sukulu anaonjezeka ndi pafupifupi miliyoni imodzi m'caka cimodzi cokha. Cinali cinthu cokoma, pakuti mwana wa munthu wosauka analowa m'mene kale anali kungosuzumira pa zenera. Koma kufikira lero m'sukulu zambiri kalasi ya Sitandade 1 kapena 2 iri ndi ana oposa 100, mphunzitsi mmodzi.

Tiyeni ticite samu imodzi pamodzi, popeza nanunso tsopano muli ophunzira. Phunziro likhale la mphindi 30. Mphindi imodzi iri ndi masekondi 60, cotero phunziro lonse ndi masekondi 1,800. Tigawe masekondi amenewa kwa ana 100. Mwana aliyense alandira masekondi 18. Ndiyo nthawi yongokwanira kumfunsa dzina ndi kuona ngati ali ndi pensulo. Ndipo apo sitinacotse nthawi yolemba pa bolodi ndi yoletsa phokoso.

Potero mphunzitsi amaphunzitsa gulu lonse ngati munthu mmodzi. Afunsa, "2 kuphatikiza 3?" Ana onse apfuula, "5!" Afunsanso, "Mwamva?" Onse ati, "Eee!" Kunena zoona, amene adziwa ndi ana khumi a kutsogolo, enawo angotsata mau a anzao, monga ticita ife ndi nyimbo ya pamaliro imene sitiidziwa bwino. Mwana wokhala kumbuyo, kufupi ndi khoma, akhoza kutha zaka ziwiri ali kungoyendetsa milomo pamodzi ndi anzace, popanda munthu wozindikira kuti sadziwa kanthu. Mwana ameneyu ndiye amandisowetsa tulo.

Taonani m'mene bvuto lace liyambira. Mumpatse samu iyi: 32 kucotsapo 17. Yankho loona ndi 15. Koma ana ambiri alemba 25, ndipo salemba mwangozi, ali ndi njira yao. Aona 2 pamwamba ndi 7 pansi, nati 7 sangacoke pa 2, tsono angotembenuza: 7 kucotsapo 2, atsala 5. Kenaka 3 kucotsapo 1, atsala 2. Ndiyo 25 imeneyo. Mwana wotere anamva anzace ali kuimba kuti, "Sizitheka, tibwereke," koma sanadziwe cimene cibwerekedwa, kapena kwa yani. Palibe anamuonetsa kuti 3 uja wa mu 32 ndi mitolo itatu ya timitengo khumikhumi, ndi kuti kubwereka ndiko kumasula mtolo umodzi. Ndi kanthu kakang'ono ndithu, koti munthu atakhala naye pansi ndi timitengo angakakonze tsiku limodzi. Koma ndani akhale naye pansi?

Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo m'masamu mau amenewa ndi oona koposa m'maphunziro ena onse. Mwana akajomba tsiku limene anzace aphunzira za phiri la Mulanje, mawa akhoza kuphunzira za mtsinje wa Shire popanda cobvuta. Masamu sali otero. Ali ngati khoma la njerwa, mzere uliwonse ukhala pa unzace. Wosadziwa kubwereka sadzatha kugawa, wosatha kugawa adzasokonezeka ndi mafulakishoni, ndipo akafika Fomu 1 nakapeza kuti m'masamu mwalowa malembo, x ndi y, angoti, "Ine mutu wanga si wa masamu." Mutu wace ulibe cirema. Njerwa inasowa mu Sitandade 2, khoma ladzang'ambikira ku sekondale.

Apa ndi pamene makina athandiza. Pa tabuleti palibe kubisala m'mau a anzako. Funso lirilonse ayankha mwana yekha, ndipo makina aconga pompo, osadikira kuti mphunzitsi asenze makope 100 kunka nawo kunyumba. Wofulumira apita patsogolo, wocedwa abwereza kufikira atamvetsa. Pa mapeto a mutu uliwonse pali mayeso aang'ono oonetsa ngati mwana wagwiradi mutuwo.

Zimenezi zinayesedwa kwathu kuno. Pulogalamu ya masamu ya m'Cicewa inakonzedwa ndi bungwe la ku Britain, dzina lace onebillion, limene linagwira nchito pamodzi ndi bungwe la VSO ndi Unduna wa Maphunziro. M'caka ca 2013 mai wina wophunzira kwambiri, Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham, anaiyesa pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe. Ana oposa 300 a Sitandade 1, 2 ndi 3 anawagawa m'magulu atatu. Gulu loyamba linaphunzira masamu pa tabuleti mphindi 30 pa tsiku kwa masabata 8. Gulu laciwiri linapatsidwanso matabuleti, koma opanda pulogalamu ya masamuyo. Gulu lacitatu linaphunzira monga mwa masiku onse. Kuika gulu laciwirilo kunali kucenjera, pakuti anafuna kuona ngati cothandiza ndi galasi lowala cabe, kapena zimene ziri m'kati mwace. Zotsatira zinasindikizidwa m'caka ca 2015. Mu Sitandade 2 ndi 3 ana a gulu loyamba anaposa magulu ena awiriwo, ndipo a Sitandade 3 anaonetsanso nzeru zaozo atapatsidwa pepala ndi pensulo. Ici ndico cinandikondweretsa ine, pakuti mayeso a Sitandade 8 salembedwa pa galasi.

Pambuyo pace pulogalamu yomweyo inayesedwa pa ana a ku England, iwonso napindula. M'caka ca 2019 onebillion inapambana, pamodzi ndi bungwe lina, mpikisano waukulu wa mapulogalamu ophunzitsa ana, umene unacitikira m'midzi ya ku Tanzania. Ndipo m'caka ca 2023 Unduna wa Maphunziro unayamba nchito, dzina lace BEFIT, yofuna kuti matabuleti afike m'sukulu zonse za Boma za pulaimale, kwa ana a Sitandade 1 kufikira 4, pamodzi ndi magetsi a dzuwa owapatsa moto.

Koma musaganize kuti makina akafika, nzeru zafika. Dziko la Peru, ku South America, linagula makompyuta aang'ono oposa 800,000 ndi kugawira ana a sukulu, kuyambira a kumidzi. M'caka ca 2012 ofufuza amene anayang'ana sukulu zoposa 300 ananena kuti ana anadziwa ndithu kagwiridwe ka makompyutawo, koma m'masamu ndi m'kuwerenga sanapose anzao amene analibe. Munali zambiri m'makinamo, koma munalibe maphunziro a masamu oyenda m'dongosolo pamodzi ndi a m'kalasi. Kugula makasu sikulima.

Ngakhale pa sukulu yathu ndaona zimene makina sazitha. Alipo ana ocenjera moipa: aona mayankho angapo pa galasi, angogwira loyamba, likakana agwira laciwiri, kufikira cizindikiro cokhoza citaoneka. Makina akondwa, mwana akondwa, koma m'mutu simunalowe kanthu. Mphunzitsi woyendayenda pakati pao ndiye angamgwire dzanja namfunsa funso limene kwa ine liposa mafunso onse a m'masamu: "Wapeza bwanji?" Mwana wofotokoza njira yace ndi pakamwa, ameneyo wadziwa. Ndiponso makina aona kuti mwana walakwa kasanu, koma sadziwa kuti wadza wosadya, kapena kuti khutu lace liri kutuluka mafinya ndipo samva mau a m'zomverazo. Ndimauza aphunzitsi anzanga kuti nthawi ya matabuleti si nthawi yokhala pa mpando ndi kuyang'ana foni. Ena sakondwa nane pa mau amenewa, koma umenewo ndi mlandu wa ine ndi iwo.

Nanga ana a makalasi apamwamba? Pofika Sitandade 5 mabuku a masamu ali m'Cingerezi, ndipo mapulogalamu a ana akulu nawonso ambiri ali m'Cingerezi. Ilipo ina yodziwika, Khan Academy, imene Salman Khan wa ku America anaikhazikitsa m'caka ca 2008. Iri ndi maphunziro kuyambira kuwerenga 1, 2, 3 kufikira masamu a ku sekondale ndi kupitirira, ndipo salipiritsa. Koma ifuna intaneti, ndi mwana womva Cingerezi colankhulidwa msanga. Imene ndiikonda ine ndi GeoGebra, imene Markus Hohenwarter anaiyamba ku Salzburg, m'dziko la Austria, m'caka ca 2001. Nayonso ndi yaulere, ndipo ikalowa m'foni kapena m'kompyuta igwira nchito popanda intaneti. Ife tinaloweza pamtima kuti thirayango, ndico cithunzi ca ngodya zitatu, ngodya zacezo zikaphatikizidwa zikwana madigiri 180, ndipo tinabvomera cifukwa aphunzitsi anatero. Pa GeoGebra mwana ajambula thirayango, nagwira nsonga imodzi ndi cala, naikokera uku ndi uku. Thirayango italika, ifupika, ipendekeka; ngodya iriyonse isintha nambala yace iye ali kupenya; koma akaziphatikiza, 180 sasuntha. Cimene ife tinangocikhulupirira, iye aciona ndi maso. Cisoni cace n'cakuti sekondale zambiri za kumidzi ziribe makompyuta okwanira, ndipo kawirikawiri foni imene iripo ndi ya mphunzitsi yekha.

Tsono inu makolo, nali gawo lanu. Matabuleti ndi ocepa kuposa ana, cotero ana asinthana, gulu lirilonse ndi nthawi yace. Mwana amene mwamtuma ku cigayo, kapena kukagulitsa mandasi tsiku la msika, wataya nthawi yaceyo, ndipo palibe wombwezera. Madzulo mlembereni pansi ndi cala samu ija, 32 kucotsapo 17, nimumfunse m'mene wapezera. Akanena 25 musamkalipire. Tengani nyemba, muziunjike khumikhumi, milu itatu ndi ziwiri zapadera, ndipo muti acotse 17 yekha. Adzaona ndi maso ace kuti ayenera kuphwanya mulu umodzi. Mawa lace mudze mudzauze mphunzitsi wace.

Cina ndi ulonda. Mabatire ndi masola a pa denga la sukulu amakopa akuba, ndipo si masiku onse wakuba acokera kutali. Zimenezi zikabedwa, matabuleti onse angokhala m'bokosi ngati masileti osweka. Pa sukulu yathu komiti ya makolo inapangana ndi anyakwawa za mlonda wa usiku, ndipo mudzi uliwonse usonkha kangacepe pa mwezi.

Amai ena a sukulu ya akulu anandifunsa ngati nawonso angaloledwe kugwira matabuleti ana akaweruka. Mmodzi anati afuna kumawerengera yekha ndalama za soya wace, ogula akamuikira pa sikelo. Ndinawayankha kuti makinawo anadza cifukwa ca ana, ndipo masana ayenera kulandira moto kuti mawa agwire nchito. Koma nkhani yaoyo ndidzaitula kwa komiti ndi kwa mlangizi wa sukulu wa dera lathu pa msonkhano wa teremu irinkudzayi.